Babu Linawala Tsiku la Maliro

Lusiya anafika pakhonde la a Levi Mwavi Loweruka m'mawa osaodira n'komwe. Anangokhala pansi, miyendo tambalale, mwana ali kumsana, n'kuyamba kulankhula ngati munthu amene wakhala akuyeserera mawuwo njira yonse.

"Aphunzitsi, Lolemba akupita nawo amuna anga kukhoti ku Kasungu. Akuti aba matumba awiri a feteleza ndi babu. Babu, aphunzitsi! Ife kwathu tilibe ngakhale waya woyanikapo zovala, babulo tikanaliyatsira pa chiyani?"

A Mwavi anaika pambali wailesi imene ankakonza. Anaphunzitsa sayansi kupulaimale zaka makumi atatu, ndipo boma litawapumitsa linawasiyira chifuwa cha choko, magalasi a mwendo umodzi ndi mbiri yoti amadziwa zinthu. Mbiriyo sinkawagulira ngakhale mchere, koma inkawabweretsera anthu olira pakhonde.

Nkhani yake ankaidziwa kale. Pa kamsika ka Kanjedza, ulendo wa ola limodzi pa njinga kuchokera ku Santhe, panalibe wosaidziwa. Kalabu ya alimi ya Tiyesenawo inapatsidwa makuponi a mabanja makumi awiri okha chaka chimenecho, ndipo mndandanda wa mabanjawo analemba ndi a Mwavi omwewo, pokhala mlembi wa kalabu. Mayina ambiri anatsala, ngakhale la Yankho, mwana wawo wobala okha, moti anthu anawatama kuti aphunzitsi sakondera. Lachitatu mabanja aja anakatenga feteleza wawo kudepoti pamodzi, matumba makumi anayi, n'kuwatsekera m'sitolo ya kalabu kuti agawane mawa lake. Madzulo omwewo kunagwa maliro a mkulu wa mpingo, choncho Lachinayi kunalibe zogawana. Lachisanu atatsekula anapeza matumba awiri palibe, loko ali chikiyire.

Mlonda wa usiku anali Tsoka, mwamuna wa Lusiya. Tsoka anali wobwera. Anafika ku Kasungu ngati tenanti wa fodya, n'kukanirira konkuno posowa yokwerera basi yobwerera kwawo. Analibe malume, analibe manda a makolo pafupi, analibe aliyense woti n'kumukwiyira anthu akamuloza chala. Anthu a pa Kanjedza sanavutike kufufuza, anangomutengera kupolisi dzuwa lisanafike pamutu.

"Ine ndingachitepo chiyani, mayi?" anafunsa a Mwavi.

"Inu munamanga magetsi a m'sitolomo. Mwina babulo likuuzani zimene anthu sakufuna kunena."

A Mwavi anafuna kuseka, koma nkhope ya mayiyo sinali yoseka nayo. Anasomeka cholembera chawo m'thumba la malaya, monga ankachitira tsiku lililonse ngakhale popita kudimba, n'kutulutsa njinga.

* * *

Sajeni Feggie Zondiwe anali mayi wa kumpoto, wamfupi, wotopa ndi nyengo ya makuponi imene inkamubweretsera milandu khumi pa tsiku. Anawalola kuona Tsoka, koma anawachenjeza asanalowe.

"Yayi, dada, musataye nthawi yanu. Munthu wavomera yekha kuti anagona pa ntchito. Mlonda akagona katundu n'kusowa, khoti limafunsa funso limodzi basi: anagonadi, kapena anatseka maso dala?"

Tsoka anali atakhala pasimenti, malaya opanda mabatani. Ataona aphunzitsi anayesa kuimirira, ndipo zinamutengera nthawi. Mabelo a fodya wa eni anamupinda msana kalekale, moti ataimirira mutu wake unkalekeza pa phewa la a Mwavi.

"Unagona?"

"Ndinagona, bwana. Sindikana."

"Chifukwa chiyani?"

"Manda, bwana. Ndinali ndi adzukulu. Tinayamba kukumba tambala woyamba, nthaka yake miyala yokhayokha. Tinatuluka m'dzenje bokosi litafika, dzuwa litapendeka. Pofika pa ntchito thupi silinali langa."

"Tsiku lonse unali kumanda? Sunachokeko?"

"Ndichoke ndipite kuti? Tinalipo asanu ndi awiri. Afunseni."

"Nanga kiyi?"

"Kiyi ndi wa atcheya. Ine ndimalondera chitseko, zam'kati sindiziona. Bwana, akandimanga, a Lusiya awathamangitsa pamalo paja. Malowo si athu."

Panja sajeni anawadikira atapinda manja. A Mwavi anamuuza kuti munthu wa msana wotere sanganyamule thumba la feteleza ngakhale kulikweza pa njinga.

"Ndiye anali ndi mnzake," anatero sajeni. "Dada, ine sindidana naye. Ndibweretsereni thumba kapena munthu, uyu ndimutsekulira lero lomwe. Popanda zimenezo, galimoto ikubwera Lolemba m'mawa."

* * *

Nyumba ya kalabu inali ya zipinda ziwiri zofulatirana, zopanda mazenera, chifukwa woimanga ankati zenera ndi khomo la akuba. Chipinda cha kumaso, choyang'ana kumsewu, ankachita lendi amayi Clara a telala. Cha kumbuyo, choyang'ana kutchire la bulugama, ndicho chinali sitolo. A Davison, tcheyamani wa kalabu, anabwera kudzatsekula atavala jekete ngakhale dzuwa linkaswa mtengo.

"Aphunzitsi, nkhani imeneyi ndi yotseka. Ine monga tcheyamani ndinapereka ripoti lonse. Kiyi uyu sachoka pa lamba wanga. Ngakhale posamba ndimamukoleka pa msomali ndikumuyang'ana."

A Mwavi sanayang'ane loko. Anayang'ana kachitsulo kokolekapo loko, kamene kanamangidwa kuchitseko ndi masikuluu anayi. Onse anayi anali adzimbiri, koma m'mizere ya pamitu pawo munkang'anima chitsulo chatsopano. Wina anawamasula ndi sikuludiraiva, n'kulowa, n'kuwabwezeretsa bwinobwino potuluka.

"Anasowa ndi matumba ati?"

"Limodzi lokulitsa, lina lobereketsa."

"Mwa makumi anayi, awiri okha. Limodzi la mtundu uwu, lina la mtundu uwo."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti ndi gawo la banja limodzi ndendende. Wakuba wogulitsa akanabwera ndi ngolo. Uyu anali ndi munda m'mutu."

"Wakuba ndi wakuba," anatero a Davison. "Mpaka babu anatenga. Umphawi wa anthu obwerawa ulibe manyazi."

A Mwavi analowa. Pamtanda wa denga, pamene babu linkalendewera, panalibe babu, panalibe chogwirira chake, ndipo waya anali atakokedwera pamwamba pa mtandawo. Anagwada n'kupapasa m'mphepete mwa matumba. Kanthu kanawabaya chala. Anakatola n'kukaonetsa kudzuwa la pakhomo: kagalasi kopyapyala kopindika. Anapezanso tina tiwiri m'msoko wa thumba. Babulo silinabedwe ayi, linasweka, ndipo wina anasesa magalasi mofulumira.

Apa m'pamene china chake chinawasokoneza. Magetsi a nyumbayi anamanga okha zaka zitatu zapitazo, ndi kasola kakang'ono ndi batire lakale la galimoto. A Davison anakana kugula waya wokwanira, choncho a Mwavi anaika mababu awiriwo pa njira imodzi. Magetsi ankachoka kubatire, kudutsa m'babu la amayi Clara, kuboola khoma, kudutsa m'babu la m'sitolo, ndiyeno kubwerera kubatire. Limodzi likafa, linzake linkathimanso. Ndiye kuti amayi Clara akhala mumdima masiku awiri.

Koma kuseri kwa khoma makina osokera ankalira mosadukiza.

A Mwavi anasiya a Davison ali chiimire, n'kuzungulira nyumba. Atasuzumira m'chipinda cha telala anachita kutsinzina. Babu limene kwa zaka zitatu linkanyezimira ngati chiphaniphani linali likuwala mbee, mpaka akangaude a pangodya ankaoneka.

* * *

"Mwaliona, aphunzitsi? Mwaliona?" Amayi Clara anasiya kupalasa makina. Anali mayi wa Mvano, wonenepa, wokonda nkhani kuposa tiyi. "Ndakhala ndikuuza azimayi anzanga. Ena akuti ndikupenga. Ine ndikuti Mulungu ali ndi njira zake."

"Linayamba liti kuwala chonchi?"

"Lachinayi, tsiku la maliro. Paja ine sindinapite m'mawa. Anandipatsa nsalu yoyera yokutira m'bokosi kuti ndisoke, ndiye msika wonse unali zii, masitolo otseka, ndili ndekhandekha muno. Maso angawa mukuwadziwa. Ndi kababu kanu kaja, kulowetsa ulusi pa singano inali nkhondo. Ndikusoka chonchi, mwadzidzidzi mdima bii! Mtima unangoti phwii. Ndinati a malemu akwiya kuti ndachedwetsa nsalu."

"Simunatuluke?"

"Ndimati ndidzuke ndizungulire kuseri ndikaone, koma miyendo inakana. Ndinangoyamba kupemphera. Ndisanafike pa ameni, ngwee! Kuwala ngati kuno n'kubanki. Ulusi unalowa kamodzi n'kamodzi. Ndinati zikomo a malemu, pitani bwino."

"Inali nthawi yanji?"

"Wotchi ndiitenga kuti? Koma inu mukudziwa. Ndi inuyo munkatsogolera nyimbo kusiwa, mphepo inkabweretsa mawu anu mpaka muno. Linathima mukuyamba ndime yoyamba ya nyimbo ija yoimba ulaliki usanayambe. Mukulowa ndime yachitatu, layaka."

A Mwavi anakhala pa benchi la makasitomala. Nyimbo imeneyo anaiyambitsa cha m'ma teni koloko m'mawa. Nthawi imeneyo Tsoka anali m'dzenje mpaka m'khosi, pamaso pa amuna asanu ndi mmodzi. Mudzi wonse unkafunafuna wakuba wa usiku, chikhalirecho anaba dzuwa likuwala, anthu ali kalikiliki kuimbira malemu.

"Amayi, si a malemu," anatero mofatsa. Uphunzitsi ndi matenda osachira, moti anapezeka atayamba kale kufotokoza. "M'babu muli kawaya kopyapyala kamene kamakaniza magetsi kudutsa. Pokankhana pamenepo kamatentha, ndiye kuwala kumene mumaonaku. Mababu awiri akatsatizana pa waya mmodzi, kukanizako kumakhala kawiri. Magetsi oyenda m'wayamo amachepa, ndipo babu lililonse limawala mofooka. Munapitako kudepoti chaka chino?"

"Masiku atatu pa mzere."

"Pageti pali mlonda, pakhomo pali mlonda wina, aliyense kufuna kuona kuponi. Mzere umayenda bwanji?"

"Ngati kamba."

"Nanga mlonda mmodzi atachoka?"

"Timakhamukira m'kati." Amayi Clara anayang'ana babu lija, nkhope itagwa pang'ono. "Ndiye mlonda wachoka ndi babu la m'sitolo."

"Eya. Koma kusweka kwa babu kumadula njira, n'chifukwa chake munaona mdima. Kuti lanu liyakenso, wina anagwira mawaya awiri amene ankalowa m'babu loswekalo n'kuwalumikiza. Magetsi anapeza njira yopanda chopinga chachiwiri, ndiye onse akuthera m'babu lanu."

"Mwa ndime ziwiri zokha za nyimbo?"

"Mwa ndime ziwiri."

"Ndiye wakubayo ndi wophunzira," anatero amayi Clara. Kenaka anawagwira mkono. "Koma aphunzitsi, chonde, musandikonzere. Zaka zitatu ndakhala ndikusoka ngati wakhungu. Lisiyeni choncho."

* * *

A Davison anali atapita kukamwa tiyi, chitseko atachisiya chotsekula. A Mwavi anaima pansi pa mtanda n'kuyeza ndi dzanja. Babu linkalendewera chikhatho chimodzi pamwamba pa mutu wawo, ndipo iwo anali munthu wamtali. Mwamuna amanyamula thumba paphewa kapena pamsana, ndipo akanadutsa pansi pake osalikhudza. Chimene chinaswa babulo chinali thumba losenzedwa pamutu. Wosenza pamutu ndi mkazi, ndipo mkazi wake wamtali.

Anakwera pamwamba pa matumba, mawondo akulira, n'kupapasa pamtanda mpaka anagwira waya. Anamukokera pansi kuti amuone bwino.

Mfundo yolumikizira mawayayo inali yokulungidwa ndi legeni, kamphira kodulidwa ku chubu cha njinga, nsonga yake yopisidwa pansi kawiri kuti isamasuke. Anafunyulula legeniyo pang'onopang'ono. Mawaya awiri anali opingasa, wina atazungulira mnzake kasanu kumanja, winayo kasanu kumanzere, nsonga zonse zitapindidwira m'mbuyo kuti zisabaye mphira. Amisiri a pamsika amangopota mawaya pamodzi ngati akupota chingwe cha mbuzi. Mfundo iyi inali ya a Mwavi eni ake, ndipo m'moyo wawo wonse anaphunzitsa munthu mmodzi yekha amene anaigwira bwino.

Anamuona m'maganizo ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, atakhala pakhonde, lilime lili panja, akuwerenga mokweza: wani, thuu, fili, folo, faifi. Yankho ankayatsa kababu ka tochi ndi mabatire otola kudzala anzake akusewera fulaye. Anasankhidwa kupita kusekondale ali woyamba m'zoni yonse, ndipo bambo ake ankauza aliyense kuti pa Kanjedza padzatuluka injiniya wamkazi. Ali fomu fili anabwera ndi mimba ya Raymond, venda wa fodya. A Mwavi anamuuza kuti pakhomo pawo asadzapondepo. Raymond anapita ku Joni mwana asanayambe kuyenda, ndipo mpaka lero ngakhale kalata. Chaka chino Yankho anabwera kudzalembetsa ngati mutu wa banja, ataima pa mzere ngati wina aliyense. Bambo ake, osadzutsa mutu, anati mayina akwana. Pa pepala panali patatsala mizere itatu.

Ichi n'chimene anthu ankachitcha chilungamo. Sichinali chilungamo, unali mkwiyo wa zaka zisanu umene unapeza cholembera.

Anagwira mfundo ija ndi zala ziwiri. Kungoikoka kamodzi, n'kuiponya m'thumba, palibe akanadziwa. Nkhani ya babu lowala akanaipereka kwa sajeni, ndipo sajeni akanati babu silingaime m'khoti, Tsoka anali ndi mnzake wa masana. Lolemba galimoto ikanabwera. Kuseri kwa khoma makina a amayi Clara ankalirabe. A Mwavi anamva manyazi, anamva mantha, ndipo pansi pa zonsezo anamva chinthu chimene chinawanyansa kwambiri: kunyada. Mfundoyo inali yomangidwa bwino kuposa mmene iwo akanamangira, mumdima, mwa ndime ziwiri za nyimbo.

Anakulunganso legeni monga anaipezera, n'kutsika.

* * *

Munda wa Yankho unali kumapeto kwa dambo, kuseri kwa chigafa chakale cha fodya chimene denga lake linagwa mbali imodzi. Chimanga chinali ndi masamba atatu, chachikasu ngati cha aliyense wopanda kuponi. Yankho anali pakati pa mizere, wamtali ngati bambo ake, chidebe chili pambali. Ankabaya dzenje ndi kamtengo pafupi ndi phando, kuthiramo feteleza ndi chitsekero cha botolo, n'kukwirira ndi chidendene. Kamtsikana kake ka zaka zinayi kanali katagona pa chitenje pansi pa mtengo wa mango.

Anawaona akutsika pa njinga, koma sanasiye ntchito.

"Mwabwera, ababa."

Zaka zisanu anali asanamve mawu amenewo. Anaima kumapeto kwa mzere, chipewa chili m'manja ngati afika pakhomo la eni.

"Kasanu kumanja, kasanu kumanzere," anatero.

"Kupinda nsonga, kenaka legeni," anamaliza Yankho. "Ndinadziwa kuti mukakwera pamtanda paja, basi kwatha. Ndimaganiza kuti mawondo anu sangalole."

"Bwanji sunangothawa babu litasweka?"

"Amayi Clara akanazungulira kuseri n'kundipeza thumba lili pamutu." Anabaya dzenje lina. "Komanso ankasoka nsalu ya maliro. Ndikanawasiya mumdima?"

"Unadziwa kuti liwala kwambiri."

"Babu limodzi, batire lonse. Ndinadziwa. Koma ndinalibe babu lina loti ndiikepo, ndipo nthawi inali itatha. Ndinati mwina aziti ndi chozizwitsa."

"Akuterodi."

Yankho anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Kenaka anaweramuka n'kuwayang'ana m'maso. Maso ake anali ofiira, otupa.

"Sindinabe za munthu, ababa. Ndinatenga awiri, amene akanakhala anga mukanalemba dzina langa. Chaka chatha mwanayu ankadya mango owiritsa mwezi wa Febuluwale. Munkadutsa pamsewu apo pa njinga, Baibulo lili pakaliyala."

"A Tsoka ali m'selo."

Apa nkhope ija inasweka. Anakhala pansi pamzere, chitsekero chili m'manja.

"Ndinasankha masana dala, kuti mlonda wa usiku asamuganizire. Ndinawerengera zonse, masikuluu, maliro, njinga yobisa m'mabulugama. Ndinangoiwala kuti kuno mlendo amakhala wakuba ngakhale atakhala m'manda." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Chiwamangireni sindinadye. A Lusiya anadutsa pano dzulo akulira, ine n'kubisala m'chigafa ngati galu. Ndimapita, ababa. Ndimati ndimalize kaye kuthira. Akandigwira feteleza ali m'thumba, amulanda. Ali m'nthaka sangamufukule, ndipo mwanayu adzadya."

A Mwavi anayang'ana munda. Kunali kutatsala mizere isanu ndi umodzi.

"Mfundo ija timaidziwa anthu awiri," anatero pang'onopang'ono. "Sikuludiraiva ndili nayo. Magetsiwo ndinamanga ndine. Ndine wamtali. Ndikauza sajeni kuti ndine, akhulupirira. Ndakalamba, khoti lingandimvere chisoni."

Yankho anawayang'ana. Chimene chinatuluka pakamwa pake chinali chowawa.

"Ndiye ankatsogolera nyimbo kusiwa ndani? Ine ndinkakumvani ndili pamwamba pa matumba, waya ali kukamwa. Anthu mazana atatu anakuonani, tayi ili pakhosi. Simungathe, ababa. Ndinu munthu wolungama kwambiri, mudzi wonse ndi mboni."

Mawu amenewo anawalasa kuposa chipongwe. Anavula jekete, kulikoleka pa njinga, n'kutola kamtengo kaja.

"Ine ndizibaya, iwe uzithira."

Anagwira ntchito, bambo patsogolo, mwana pambuyo. Dzanja la a Mwavi linali lozolowera choko, ndipo maenje oyamba anali pafupi kwambiri ndi chimanga.

"Talikitsani pang'ono, muotcha mizu," anatero Yankho, ndipo iwo anatalikitsa.

Pa mzere womaliza Yankho anafunsa, osawayang'ana: "Adzapalira ndani?"

"Ine."

"Nanga mwanayu?"

"Kwathu kuli chipinda chako. Sindinaikemo kanthu."

Thumba la feteleza wobereketsa linali m'chigafa, losatsekula, lofunditsidwa ndi mapesi. Analikweza pakaliyala n'kulimanga ndi malegeni. Yankho anabereka mwana wake ali m'tulo, ndipo anauyamba ulendo, a Mwavi akukankha njinga.

* * *

Anadutsa pakati pa msika dzuwa litapendeka, ndipo panalibe amene anafunika kuuzidwa. Thumba linkalankhula lokha. Osewera bawo anaimitsa manja. A Davison anatuluka m'tiyirumu kapu ili m'manja, kukamwa kuli yasa. Amayi Clara anaima pakhomo pawo, babu lija likuwala kumbuyo kwawo, ndipo atazindikira amene ankayenda pambali pa njinga anagwira pakamwa.

Lusiya anali atakhala panja pa polisi chiyambire m'mawa. Sajeni Zondiwe anayang'ana thumba, anayang'ana Yankho, kenaka a Mwavi. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu, ya masikuluu, ya magalasi, ya babu ndi ndime ziwiri za nyimbo. Nkhani itatha anatenga makiyi.

Tsoka anatuluka akuphethira, atagwira buluku lopanda lamba. Anaona mkazi wake, anaona Yankho akumasula mwana kumsana n'kumupereka kwa agogo ake.

"Ndi mwana wanu, bwana?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndi mwana wanga."

Yankho anagwada pamaso pake. "A Tsoka, ndinakulakwirani."

Tsoka anayang'ana kumbali. "Ine ndazolowera, mayi," anatero, ndipo Lusiya anamukoka dzanja n'kutuluka naye osatsanzika.

Sajeni anakankhira pepala patebulo. "Dada, za magetsizi ine sindingazilembe bwino. Lembani nokha umboni wanu. Muyambe ndi dzina la munthu amene mukuti anamanga mfundoyo, dzina lonse, lomveka bwino."

Anafunafuna cholembera m'dirowa, koma a Mwavi anali atasolola kale chawo m'thumba la malaya. Chinali chomwe chija cha mwezi wa Okutobala, chimene chinalemba mayina makumi awiri n'kusiya la mwana wawo. Mdzukulu wawo, amene anali asanamunyamulepo chibadwire, anadzuka pamiyendo pawo n'kuyamba kuseweretsa mwendo wa magalasi. Yankho anali ataima pakhomo la selo, akuvula nsapato monga anamuuzira.

"Lembani, ababa," anatero. "Ulendo uno malo alipo."

A Mwavi anaweramira papepala la boma, ndipo ndi zilembo zawo zokongola za uphunzitsi, pa mzere woyamba penipeni, analemba: Yankho Mwavi.